MBONI YODYA KWA WOGULITSA

Munthu akafuna kugula njinga yakale kwa mnzace amayamba waikwera, nazungulira nayo bwalo kawiri kapena katatu, namvetsera ngati unyolo uli kulira. Akafuna kugula mbuzi amaigwira pa msana ndi kuiyang'ana mano. Koma ziripo zinthu zina zimene wogula sangathe kuziyesa asanapereke ndalama zace, ndipo pa zinthu zotere amabwereka maso a munthu wina. Makolo anati safunsa anadya phula, ndipo cifukwa ca ici timafunsa. Komatu mwambiwo sutiuza kanthu za tsoka la munthu amene anafunsa ndithu, koma anafunsa mboni imene madzulo ali onse imakadya nsima kwa mwini malonda.

Funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi ndi ili: kodi munthu amene cakudya cace cicokera kwa wogulitsa angakhale mboni yoona kwa wogula? Nanga akaona coipa nakhala cete, osaturutsa bodza liri lonse pakamwa pace, kodi tinganene kuti wanama? Kuti tisamangoponya mau m'mwamba, ndidzatenga nkhani ya ku dziko la America, ya magazini amene amalemba za mfuti. Ndasankha mfuti cifukwa m'sitolo salola munthu kuombera asanagule, ndiponso cifukwa mfuti ikapangidwa molakwa, mtengo wa kulakwako sulipidwa ndi ndalama zokha.

Ku America anthu wamba ali nazo mfuti zambiri, ena za uzimba, ena za masewera oombera candamale, ena zocinjirizira nyumba zao. Cotero kuyambira kale kunabadwa magazini owalangiza. Field & Stream anayamba m'caka ca 1895, Outdoor Life mu 1898, ndipo magazini a bungwe la eni mfuti lochedwa National Rifle Association anatenga dzina lakuti American Rifleman mu 1923. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kunabwera ena olemba za mfuti zokhazokha, monga Guns mu 1955 ndi Guns & Ammo mu 1958. Nkhani imene owerenga ankaifuna koposa zonse inali ya kuyesa mfuti yatsopano. Mlembi ankatenga mfutiyo, napita nayo ku malo oomberako, naimika candamale pa mtunda wa mayadi 100, naombera zipolopolo zitatu kapena zisanu, nayesa ndi rula kutalikirana kwa mabowo. Pambuyo pace ankalemba kulemera kwa mfutiyo, mphamvu imene imakankha nayo phewa, ndi ciweruzo cace ngati iyenera mtengo wace. Mlimi wa kutali ndi tauni, amene wasunga ndalama caka cathunthu kuti agule mfuti imodzi yodzasiyira mwana wace, analibe kwina kofunsa koma kwa mlembiyo.

Ena mwa alembi amenewa anachuka ngati mafumu. Jack O'Connor analemba za mfuti mu Outdoor Life zaka zoposa 30, ndipo ankaphunzitsa kuti cipolopolo copepuka cothamanga kwambiri, monga cija cochedwa .270 Winchester, cikwanira nyama zambiri ngati mlenje adziwa polasa. Elmer Keith, munthu wozolowera ng'ombe ndi mapiri, ankanyoza maganizo amenewo, nati nyama yaikulu ifuna cipolopolo cacikulu ndi colemera. Onse awiri anakhala m'cigawo cimodzi ca Idaho, koma sanakondane, ndipo mkangano wao unatha zaka zambiri, owerenga nagawikana pawiri monga mudzi ugawikana pa mlandu wa ufumu. Mkangano umenewu unali ndi phindu lace, pakuti owerenga ankaona kuti mlembi angathe kukana. M'caka ca 1964 kampani ya Winchester inasintha kapangidwe ka mfuti yace yokondedwa yochedwa Model 70 kuti icepetse ndalama zopangira, ndipo O'Connor, amene anaitama mfutiyo zaka zambiri, sanabise kukhumudwa kwace ndi yatsopanoyo. Kufikira lero mfuti za mtundu umenewo zopangidwa cisanafike caka ca 1964 zimafunidwa mwapadera.

Sindifuna kukometsa masiku akalewo koposa muyeso. Ngakhale pa nthawi imeneyo alembi ankalandira mfuti kwa opanga, ndipo colembera ca O'Connor cinagulitsira a Winchester mfuti zosawerengeka. Mbeu ya bvuto inali m'nthaka kuyambira paciyambi, ndipo kuti tiione bwino tiyenera kuyang'ana kumene ndalama za magazini zimacokera.

Ndalama imene wowerenga apereka pogula magazini siikwanira kulipira mapepala, makina osindikizira, positi ndi malipiro a anchito. Gawo lalikulu limacokera kwa amalonda amene amagula masamba kuti alengezepo katundu wao. Tsono m'magazini a mfuti, ogula masambawo ndani? Ndi opanga mfuti, opanga zipolopolo, opanga magalasi oonera patali ndi zikwama zosungiramo mfuti, anthu omwewo amene katundu wao ali kuweruzidwa pa tsamba loyandikana nalo. Nyuzipepala wamba akakhumudwitsa wogulitsa sopo, atsala ndi wogulitsa galimoto ndi wogulitsa nsapato. Koma magazini a mfuti ali ndi makampani aakulu owerengeka pa zala, ndipo awiri okha akacoka, nyumba igwedezeka. Ndiponso mfuti imene mlembi ayesa siigulidwa m'sitolo monga agula munthu wamba. Imatumizidwa ndi kampani, kawirikawiri pamodzi ndi zipolopolo zace. Nthawi zina kampani iitana alembi ku malo ace, niwalipirira ulendo, cakudya ndi pogona, niwatengera ku uzimba. Palibe amene amauza mlembi kuti, "Nayi ndalama, ukalembe bodza." Ciphuphu cotere ncosafunika konse. Munthu amene wadya, wamwa, naseka pa moto umodzi ndi wopanga mfuti kwa masiku atatu, dzanja lace limalemera lokha pofuna kulemba mau owawa.

M'mwezi wa January 2014 nyuzipepala ya New York Times inafotokoza mwambo umene alembi ndi akonzi a magazini amenewa anaubvomera okha: kuti mfuti ikapezeka yosapangidwa bwino, samalemba nkhani yoitsutsa, koma amaibweza mwakacetecete kwa mwini wace kuti akaikonze. Wowerenga samva kanthu. Iye aona nkhani za mfuti zabwino zokhazokha, mwezi ndi mwezi.

Tisafulumire kuweruza tisanamve mbali ya akonzi, pakuti ali nao mau, ndipo ena mwa mauwo ngolemera. Iwo amati masamba ngocepa, ndipo wowerenga afuna kumva za mfuti yoti agule, osati ya yoti aileke. Amatinso mwa mfuti cikwi imodzi ingaturuke yopunduka, ndipo sicilungamo kupha dzina la kampani, kapena kucotsa anthu nchito, cifukwa ca imodzi imene inagwera m'manja mwa mlembi. Amaonjezanso kuti kubweza mfuti kwa wopanga ndi kumuuza colakwa kumathandiza wogula koposa kumcititsa manyazi poyera, pakuti colakwaco cimakonzedwa. Ndipo potsiriza amati, "Tisonyezeni pamene tinanama. Ciri conse cimene tinasindikiza tinaciona ndi maso athu."

Mau otsirizawa ndiwo pacimake pa mlandu. Ine ndiyesa kuti munthu angathe kunama ndi ziganizo zoona zokhazokha. Lingalirani munthu amene mwamtuma kukafufuza za banja limene mwana wanu afuna kukwatirako. Iye abwera nati, "Nkhokwe zao nzodzala, mnyamatayo ngwamphamvu pa khasu, amace ngaulemu." Zonsezi nzoona. Koma anaona mnyamatayo ali kumenya mlongo wace ataledzera, ndipo sananene. Kodi mudzamkhululukira pa tsiku limene mwana wanu adzabwera ali ndi zipsera, cifukwa cakuti mau ace onse anali oona? Iai. Munamtuma kuti akhale maso anu, ndipo kukhala cete kwace munakumva monga mau akuti, "Palibe coipa." Iye anadziwa kuti mudzakumva cotero. Pali kukhala cete kwa munthu wongodutsa pa njira, amene alibe mangawa kwa inu, ndipo palinso kukhala cete kwa munthu amene walandira ndalama zanu kuti alankhule. Wowerenga amene alipira magazini caka ndi caka watuma mlembiyo.

Ndipo pali cinanso cimene akonzi sanacione msanga, kuti mwambo wao unali kudya cuma ca iwo eni. Sikelo imene isonyeza mapaundi khumi pa thumba liri lonse, lodzala kapena lopanda kanthu, siinama pa thumba limene liridi la mapaundi khumi. Koma palibe munthu wanzeru amene adzapita nayo ku msika. Mau akuti "inde" amatenga mtengo wace ku mau akuti "iai." Mlembi amene sanamvekepo ali kukana, kutama kwace kulibe kulemera, ngakhale pa tsiku limene ali kutama mfuti yabwinodi. Cotero ngakhale wopanga mfuti wokhulupirika anaberedwa, pakuti mau omtama analembedwa ndi inki yomweyo imene inatama anzace aulesi. Owerenga ena anaphunzira kuwerenga nkhanizo monga mlenje awerenga mapazi a nyama: mlembi akatha masamba awiri ali kusimba za kukongola kwa mtengo wa mfuti ndi mbiri ya kampani, osachula za mabowo a pa candamale, iwo ankadziwa kuti pali cimene cabisika. Koma nzeru yotere ali nayo ndi munthu amene wawerenga zaka zambiri. Mnyamata wogula mfuti yace yoyamba, amene asowa uphungu koposa onse, ndiye amene amakhulupirira mau monga alembedwa.

Nkhani ya kamfuti ka m'manja kochedwa R51 isonyeza bwino mmene mlembi anganamizire anthu iye mwini osafuna kunama. Kumapeto kwa caka ca 2013 kampani ya Remington inaitana alembi ku sukulu yoombera ya Gunsite, m'cigawo ca Arizona, kuti akayese kamfuti katsopanoka, kamene kapangidwe kace kanatengedwa ku mfuti yakale ya mmisiri John Pedersen. Alembi anaombera, nakondwa, nalemba zotama, ndipo kuciyambi kwa 2014 anthu ambiri anathamangira kukagula. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti zimene alembi anagwira zinali zoyamba, zopangidwa fakitale isanayambe kuturutsa zambirimbiri. Zimene zinafika m'masitolo zinali zina. Ogula anapeza kuti citsulo ca pamwamba cimauma pocikoka, zipolopolo zimatsamwa, ndipo ena anadandaula za zoopsa zoposa izi. M'mwezi wa July caka comweco kampaniyo inabvomera kuti mfutiyo siigwira nchito monga inayenera, nipempha ogula kuti azibweze, ndipo yokonzedwa inaturuka mu 2016.

Kodi alembi aja ananama? Ndikhulupirira kuti ambiri a iwo analemba cimene anaona. Kulakwa kwao kunali kwakuti analola wogulitsa kusankha mbuzi yoti iyang'anidwe mano, nasankhanso tsiku ndi malo, ndipo pobwera anauza anthu za khola lonse. Akadalemba poyera pamwamba pa nkhani kuti mfuti imeneyi ndinaipatsidwa ndi mwini wace, pa phwando lace, ndipo ya m'sitolo sindinaigwire, wowerenga akadadziwa muyeso wa umboniwo. Ena a inu amene mwatsiriza sukulu mudzakhala alembi a nkhani, ena oyendera masitolo kapena oyesa mbeu, ndipo mudzapeza kuti ciyeso cimene cimagwetsa anthu ambiri sicibwera ndi nkhope ya bodza. Cimabwera monga ulemu kwa munthu amene wakulandirani bwino.

Tsono wina angati, "Nanga boma liri kuti? Ngati katundu ali woopsa, boma limletse." Apa ndi pamene nkhani ya mfuti isiyana ndi ya katundu wina. M'caka ca 1972 nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa bungwe loyang'anira katundu wogulitsidwa kwa anthu, lochedwa Consumer Product Safety Commission, limene liri ndi mphamvu yocotsa pa malonda kabedi ka mwana kapena mbaula yoopsa. Koma mfuti anazipatula, ndipo mu 1976 analimbitsanso lamulo lakuti bungwelo lisakhudze mfuti ndi zipolopolo. Cotero kamfuti ka cidole koseweretsa ana kali pansi pa bungwelo, koma mfuti yeniyeni iai. Mfuti ikakhala ndi cirema, kuiitanitsa kuti ikonzedwe kuli m'manja mwa kampani yokha, kapena mwa bwalo la milandu munthu atabvulala kale. Pa malo otere mlembi wa magazini ndiye mlonda amene watsala pa cipata, ndipo kugona kwace nkoopsa koposa kugona kwa woweruza sopo.

Mfuti ya uzimba yochedwa Remington Model 700, imene inaturuka mu 1962, ndi imodzi mwa mfuti zogulidwa koposa m'mbiri ya dziko limenelo. Kacitsulo kace kokhethemulira kanapangidwa ndi mmisiri Mike Walker m'zaka za m'ma 1940. Mu 1948 Walker mwini wace analembera akulu a kampani kuti aonjezepo kacitsulo kena kocinga ngozi, kamene mtengo wace ukadakhala masenti asanu ndi theka pa mfuti imodzi, koma sikanaikidwe. Mu 1968 magazini ochedwa Consumer Reports anayesa mfuti imeneyi nalemba kuti nthawi zina inali kulira yokha munthu akamasula cotsekera cace, cala cisanakhudze pokhethemulira. Magazini amenewa si a mfuti. Amayesa katundu wa mtundu uli wonse, amagula okha m'sitolo zimene ayesa, ndipo salandira malonda olengeza pa masamba ao. Zaka zinapita, milandu nicuruka m'mabwalo. M'caka ca 2000, m'cigawo ca Montana, mai wina anali kucotsa zipolopolo mu mfuti yotere pobwera ku uzimba, ndipo inalira nipha mwana wace wa zaka 9. Maiyo anati cala cace sicinali pokhethemulira. Dziko lonse linaimva nkhani ya mfutiyi mu October 2010, pamene wailesi ya kanema ya CNBC inaonetsa makalata a m'kati mwa kampani, ndi Walker yemwe, ali nkhalamba, ali kufotokoza. Cilungamo cifuna kuti ndinene kuti a Remington anakana nthawi zonse kuti mfutiyo iri ndi cirema. Anati ngozi zimadza cifukwa ca litsiro, kusintha zitsulo mosadziwa, kapena kusasamala kwa woigwira. Ine sindiri woweruza wa mlandu umenewo. Cimene ndiona ndi ici, kuti funso loyenera kukambidwa poyera pakati pa alenje linafika m'makutu mwa anthu ambiri kudzera kwa alendo, osati kwa aphungu ao a m'nyumba.

Kufikira pano ndaika mlandu pa opanga mfuti ndi pa akonzi. Koma ulipo mbuye waciwiri amene mlembi amamuopa, ndipo ndiye wowerenga mwini wace. Mu February 2007 Jim Zumbo, amene analemba za uzimba mu Outdoor Life zaka zambiri, analemba pa intaneti kuti mfuti zofanana ndi za asilikari, monga AR-15, siziyenera kutengedwa ku uzimba, nazicha dzina lonyoza. Owerenga zikwizikwi anapsa mtima. M'masiku owerengeka a Remington anadula ubale wao ndi iye, ndipo ngakhale anapepesa, anasiya nchito pa magaziniwo. Kumapeto kwa 2013 Dick Metcalf wa Guns & Ammo, magazini amene anali kusindikiza makope monga 400,000, analemba kuti ufulu uli wonse uli ndi malire ace, ndi kuti lamulo la cigawo ca Illinois lofuna kuti munthu aphunzire maola 16 asanaloledwe kuyenda ndi mfuti yobisa silicotsa ufulu wa munthu. Owerenga anaopseza kuleka kugula, ndipo Metcalf anauzidwa kuti makampani awiri aakulu anena kuti sadzacitanso malonda ndi magaziniwo iye akakhalapo. Anacotsedwa nchito, ndipo mkonzi Jim Bequette anapepesa kwa owerenga natula pansi udindo wace.

Nkhani ziwirizi sizinali za kuyesa mfuti, ndipo sindifuna kuweruza pano ngati maganizo a anthu awiriwa anali olungama. Mau a Zumbo analidi aukali. Koma mlembi ali yense wotsala anaona cimene cinacitika, naphunzirapo. Anaphunzira kuti zaka makumi atatu za nchito zingathe m'sabata imodzi, ndi kuti pa tsiku limenelo wogulitsa ndi wogula adzaima mbali imodzi. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ndi angati amene amalipira munthu mwezi ndi mwezi kuti awatsine khutu? Munthu akagula cinthu ndi ndalama zambiri, mtima wace ufuna kumva kuti anasankha bwino, ndipo ambiri amawerenga nkhani ya mfuti atagula kale. Ndiponso eni mfuti ambiri ku America amadziona monga anthu ozingidwa ndi adani ofuna kuwalanda mfuti zao, kotero kuti wonena coipa ca mfuti iri yonse amaoneka ngati wapereka nthungo kwa mdani. M'mudzi umene uli pa nkhondo, munthu wonena kuti linga laola pa ngodya yakuti amachedwa kazitape. Analipo magazini ena, ochedwa Gun Tests, amene anayamba mu 1989 ndi lamulo losalandira malonda olengeza, ndipo anatha kulemba poyera kuti mfuti yakuti musagule. Koma sanafike pa kuchuka kwa magazini aakulu a zithunzi zonyezimira, pakuti mtolo wonse wa ndalama unali pa wowerenga, ndipo ofuna kuusenza anali ocepa.

Kugwa kwa magazini a mfuti sikunadze cifukwa ca kusakhulupirika kokha, ndipo ndikadanama ndikadanena cotero. Magazini a mitundu yonse, okhulupirika ndi osakhulupirika omwe, anabvutika pamene intaneti inafika, pakuti amalonda anasamutsira ndalama zao kwa Google ndi Facebook, mtengo wa mapepala ndi positi nukwera. Kampani ya Harris Publications ya ku New York, imene inali kusindikiza magazini ambiri a mfuti, inatseka zitseko mu 2016. Outdoor Life, nyumba ya O'Connor, analeka kuturuka pa pepala mu 2021, atatha zaka zoposa 120. Koma mphepo ikaomba, mtengo woyamba kugwa ndi umene ciswe cadya m'kati. Magazini sakadatha kupikisana ndi intaneti pa liwiro kapena pa kucepa kwa mtengo. Cinthu cimodzi cimene akadagulitsa cinali mau oti munthu angatsamirepo, ndipo cimeneco anali atacisinthanitsa kale ndi masamba a malonda.

Amene anatenga malo ao ndi anthu wamba okhala ndi kamera. Zirema za R51 zinamveka coyamba kwa ogula ndi olemba a pa intaneti. Mu August 2017 sitolo ina yogulitsa mfuti ya ku Texas inaonetsa kanema pa YouTube, mmene anali kugwetsa pansi kamfuti ka SIG Sauer P320 cakumbuyo, ndipo kanalira kokha. Kamfutika kanali pa malonda kuyambira 2014, katalembedwa m'magazini ambiri. Kampaniyo inati kamfutiko kanapambana mayeso onse ofunika m'dzikomo, komabe m'masiku owerengeka inalengeza kuti idzasintha zitsulo zace kwaulere kwa ali yense wofuna. Mlembi wa magazini akadatha kuigwetsa mfutiyo pansi monga anacitira a sitolo aja. Koma munthu sagwetsa pansi dala cinthu cimene wabwereka kwa bwenzi lace.

Tisaganize kuti tsopano mlandu watha. Dzanja limene linali kudyetsa alembi a magazini linapeza msanga njira ya ku nyumba za anthu a makamera. Iwonso alandira mfuti ndi zipolopolo zaulere, aitanidwa ku mapwando omwewo, ndipo ena amalandira kagawo ka ndalama munthu akagula katundu kudzera pa tsamba lao, cimene mlembi wakale sanali kulandira. Mu 2009 bungwe la boma loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, linaona kuti nkofunika kulamula kuti wotama katundu pa intaneti aziulula ngati anampatsa kwaulere kapena anamlipira. Ndipo khamu nalonso liri ndi mabodza ace. Munthu amene mfuti yace yatsamwa cifukwa sanaipukute, kapena cifukwa aigwira molakwa, amapfuula mofanana ndi amene wapezadi cirema. Ndipo kanema wonyoza amakopa maso koposa kanema wofatsa, kotero kuti ena apeza kuti kutukwana nakonso ndi malonda. Mlembi wakale, pamodzi ndi zofooka zace zonse, anali ataombera mfuti mazanamazana, anali ndi makina oyesera liwiro la cipolopolo, ndipo pamwamba pace panali mkonzi womfunsa mafunso. Nzeru imeneyo inali yeniyeni, ndipo nzacisoni kuti inamangidwa pa cingwe cimodzi ndi malonda, nimira nao pamodzi.

Mlandu suola, ndipo wa Model 700 unafika pa mapeto ace ena. Kumapeto kwa 2014 a Remington, osabvomera kulakwa kuli konse, anapangana ndi odandaula kuti adzasintha kwaulere tizitsulo tokhethemulira pa mfuti za mtundu umenewo ndi zina zofanana nazo, zonse pamodzi monga 7,500,000. Pamene woweruza anabvomereza panganolo mu March 2017, eni mfuti amene anali atapempha kusinthako anali monga 22,000 cabe, ndiko kunena atatu mwa cikwi ciri conse, ndipo woweruzayo anadandaula nako kucepa kumeneko. Zifukwa zace zingakhale zambiri: ena sanamve, ena mfuti zao zinatayika kalekale, ena anali atasintha okha, ena anakhutira ndi mfuti imene siinawabvutepo. Koma ndiyesa kuti analiponso ambiri amene anamva, nayesa kuti ndi mau a adani a mfuti, pakuti mau otere sanazolowere kuwamva kwa anthu ao. Kampani ya Remington inapita ku bwalo kukabvomera kuti yalephera kubweza ngongole zace mu 2018, ndiponso kaciwiri mu 2020, ndipo cuma cace cinagulitsidwa zidutswazidutswa kwa makampani ena.